Malikisi okha satiuza pamene mwana wakakamira powerenga

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi aphunzitsi anzanga a makalasi ang'onoang'ono, komanso akuluakulu amene amatiyendera m'masukulu muno, pa nkhani ya kuwerenga kwa ana. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 2 kuno ku Kasungu, sukulu yake ya kumudzi ndithu kutali ndi tala, ndipo chomwe ndikufuna kunena ndi chaching'ono moti ena aseka. Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 1 mpaka 4 akhale ndi hadikava imodzi yolembamo zimene wamva mwana akamamuwerengera payekha, mwana aliyense tsamba lake. Basi.

Ndikudziwa anzanga ena ayamba kale kudandaula kuti buku linanso eti, ngati alipowa akuchepa. Zoonadi tili ndi rejisita, masikimu, malesoni pulani, kuphatikiza buku la malikisi lija timalembamo 4, 3, 2, 1 kutsogolo kwa dzina la mwana. Koma tatiyeni tifunsane chilungamo, mwana akapeza 1 pa Chichewa ndiye kuti tadziwa chiyani? Amati 1 ndiye kuti mwanayo akufunika thandizo. Chabwino, thandizo lake liti? Mkalasi mwanga ana a 1 alipo gulu ndithu koma mavuto awo ndi osiyana kutalitali. Wina sadziwa ngakhale lembo limodzi, wina malembo onse amawadziwa koma kuwalumikiza kuti apange phatikizo ndiye nkhondo, wina amawerenga bwinobwino ma, ka, su koma ukamufunsa kuti ndiye mawu akewo ndi chiyani amangokuyang'ana, makasu omwe amawaona tsiku ndi tsiku pakhonde kwawo sakuwamva m'mawu amene watchula yekha. Onsewa m'buku la malikisi akufanana, 1, 1, 1, ndipo mphunzitsi wa Sitandade 3 akadzawalandira adzangoona mzere wa ma 1 nkupukusa mutu.

Azimayi akudziwa bwino za kusikelo. Mwana akamukweza pa sikelo salemba kuti "ali bwino" kapena "sali bwino" ayi, amalemba tsiku ndi makilo ake mkabuku, mwezi wamawa chimodzimodzi, ndiye wazaumoyo aliyense amene watsegula kabukuko, ngakhale mayi atasamukira ku Santhe kapena ku Chamama, amaona yekha kuti mwanayu anayamba kutsika mwezi wakuti. Kuwerenga kwa mwana sitikusunga choncho, chaka chilichonse mphunzitsi watsopano amayambira pa ziro kufufuza kuti ndani ndi ndani, pofika poti wawadziwa teremu yoyamba yatha.

Boma linayambitsa National Reading Programme mu 2016 kuyambira ku Sitandade 1, ndipo ine sindili mgulu la amene amainyoza. Inatibweretsera mabuku, inatiphunzitsa kuti mwana ayambe wamva maliwu, adziwe malembo, aphatikize, awerenge mosadodoma, kenako amve zomwe wawerengazo. Kaphunzitsidwe kake nkoti poyamba mphunzitsi achite yekha ana akuona, kenako mphunzitsi ndi ophunzira achitire limodzi, pomaliza ophunzira achite okha. Pa pepala zili bwino kwambiri. Vuto limabwera pa gawo lomalizali chifukwa mkalasi ya ana opitirira 100 mawu oti "okha" amatanthauza chikhamu chonse kukuwa nthawi imodzi. Ana khumi akutsogolo amene akutha ndi amene amayambitsa, enawo amangotsatira mawu pambuyo pang'ono, pakamwa pakuyenda, chala chili pa tsamba lina, mwinanso buku lazondoka. Ukaima kutsogolo umamva kukoma, umati lero ndaphunzitsa. Mlendo akalowa amaombera mmanja. Ana athu ndi akatswiri oloweza, nyimbo ya kutchalitchi amaigwira tsiku limodzi, ndiye kankhani ka mizere inayi kangawavute? Amakaloweza konse ndi mpumiro womwe.

Mwana ameneyu umamudziwa pokhapokha wamuitana yekha.

Mmene ndimachitira ine ndi chonchi, sikuti ndi luso lochokera kunja ayi. Ndikawapatsa ena ntchito yolemba ndimakoka benchi nkukhala pakhomo, mwendo wina mkati wina kunja kuti ndiziona zomwe zikuchitika, ndiye ndimaitana mwana mmodzi abwere ndi buku. Sindimupatsa tsamba la dzulo chifukwa limenelo waliloweza, ndimabwerera mmbuyo kapena kulumpha kutsogolo pang'ono, kenako ndimaphimba chithunzi ndi dzanja. Chithunzichi ndiye chimabisa ana ambiri. Kamtsikana kena kochangamuka bwino, koyankha mafunso mkalasi mpaka ndinkakawerengera mgulu la otha, nditakaphimbira chithunzi kanangoti zii, chala chili pa lembo loyamba osasuntha. Nditachotsa dzanja kanaona tambala wojambulidwa pamenepo nkunena mokweza kuti nkhuku, pamene mawu olembedwa akuyamba ndi t. Sikopusa kamwanako, kanapeza njira yake yopulumukira ndipo inkakathandiza. Pa tsamba lake ndinalemba tsiku, tsamba la buku lomwe tinawerenga, kenako "amawerenga chithunzi osati mawu, a, i, u, n, m akudziwa, t ndi k akusokoneza, tiyambire pa ta te ti to tu". Mizere iwiri yokha. Ulendo wotsatira ndisanakaitane ndinayamba ndatsegula tsambalo ndipo sindinataye nthawi kufufuzanso, tinayambira pomwe tinasiyira.

Chofunika kwambiri pa zolembazo ndi mbali yomalizayo, yonena chochita. Kungolemba kuti "sakutha" ndi chimodzimodzi 1 uja tamusiya m'buku la malikisi. Lembani chomwe akutha, pomwe wakakamira penipeni, ndi chomwe mudzachite naye mukadzakumananso. Amene anaphunzitsako ndi ndondomeko ya anikumeto, yoyamba ndi malembo a, n, i, k, u, m, e, t, o, akudziwa kuti malembo asanu ndi anayi amenewa okha amapanga mawu ambirimbiri, ana, moto, mano, kuno, nena, atate, ndiye mwana akagwira amenewa umadziwa kuti maziko alipo, ukhoza kulemba kuti apite ku maphatikizo a malembo atatu. Kumenekonso kuli maenje ake odziwika. Ng' wa ng'ombe ndi ng wa ngolo amagwetsa ana ambiri, mph ndi nkh ndi nth ana amadumpha h kapena kumeza m kapena n woyambayo, b ndi d ndiye osanena, ts ndi tch, dz ndi z. Ukamalemba mwana ndi mwana umadzazindikira kuti aaa, ana pafupifupi onse a mzere wakumbuyo agwera pa ng' yemweyo, ndiye kuti vuto si anawo, phunziro limenelo silinalowe, mwina linagwa tsiku la maliro kapena la mvula theka la kalasi kulibe. Umabwereza phunzirolo kwa onse mmalo movutika ndi mmodzimmodzi. Popanda kulemba sungazione zimenezi, mutu wa munthu sungasunge ana 100 aliyense ndi lembo lake.

Palinso ana ena amene amawerenga ngati wailesi, osadodoma, mawu onse molondola, koma ukatseka buku nkufunsa kuti ndiye anapita kumsika uja ndani, sadziwa. Amenewa amapeza 4 ndipo palibe amawadera nkhawa mpaka akafike Sitandade 5 kumene maphunziro ambiri amasanduka a m'Chingerezi, kumene munthu sungapulumuke ndi kutchula kokha. Ndiye pomaliza kuwerenga ndimafunsa kafunso kamodzi kapena tiwiri, nkulemba ngati wamva kapena ayi.

Tsopano nkhani ya nthawi, chifukwa ndikudziwa ndi pomwe anzanga andigwire. Boma limanena kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma chiyambireni sukulu yaulere mu 1994 makalasi ang'onoang'ono akumudzi sanapumepo, ndipo piriyodi ndi ya mphindi 30. Sindikunena kuti mumve mwana aliyense sabata iliyonse, zimenezo nzosatheka ndipo amene angakuuzeni kuti amatero akunama. Koma tawerengerani nokha. Ana asanu pa tsiku, aliyense mphindi zitatu, pa sabata ndi ana 25, kalasi ya ana 120 mwaizungulira mmasabata asanu. Pa teremu mwana aliyense mwamumva kawiri, pa chaka mwina kasanu kapena kasanu nkamodzi mukachotsa masabata a mayeso ndi zina zogwa mwadzidzidzi. Nzochepa, eya, koma panopa alipo ana amene amamaliza Sitandade 1 ndi 2 mphunzitsi asanamvepo mawu awo paokha ngakhale kamodzi, dzina lawo limangomveka poitana rejisita. Ndiponso sikuti onse amafuna mphindi zofanana, amene akutha mphindi imodzi yakwana, ulembe kuti apatsidwe kabuku kena kovutirapo, nthawi yotsalayo ipite kwa omwe akakamira. Masiku a phunziro lobwereza ndiye abwino kwambiri pa ntchito imeneyi. Kumene kuli aphunzitsi awiri kalasi imodzi, mmalo moti wina akhale pansi pa mtengo kudikira piriyodi yake akuyang'ana WhatsApp, atenge benchi ndi hadikava. Ndanena ndanena, tonse timadziwana.

Phokoso limakhalapo, musanamizidwe. Ukangoyang'ana kumbali wina watsina mnzake, wina walanda pensulo, ena atuluka pawindo. Ine ndinasiya kulimbana nazo kuti kalasi ikhale chete ngati mtchalitchi, bola asamenyane, ndimasankha atsogoleri a magulu nkupitiriza.

Chimene chandipangitsa kulemba kalatayi makamaka ndi kasamukidwe ka ana kuno kwathu. Kasungu ndi dera la fodya, ndipo ngakhale lamulo la 2021 linathetsa utenanti, mabanja ogwira ntchito mmaesiteti ndi mminda ya anthu akadasamukabe ndi nyengo. Fodya akangopita ku msika wa fodya wa Chinkhoma, malipiro atuluka kapena sanatuluke, banja lanyamula katundu, mwana uja unayamba kumuona akugwira maphatikizo wasowa osatsanzika. Mwezi wa Okutobala kapena Novembala kukubwera ena atsopano, ena ndi kalata ya transifa ena opanda, ndipo kalatayo imangonena dzina, kalasi ndi chidindo cha ahedi. Mwana akuti ndili Sitandade 2, ukamupatsa buku sadziwa a. Wina akumubweza Sitandade 1 chifukwa choti ndi wamanyazi sanayankhe tsiku loyamba, chonsecho amawerenga bwino kuposa ena onse. Kukanakhala kuti tsamba lake lija amalikopera kuseri kwa kalata ya transifa, mizere itatu yokha, mphunzitsi wolandirayo akanadziwa poyambira tsiku lomwelo. Ngakhale amene sasamuka amajomba nyengo yosoka ndi kusankha fodya, enanso Januwale ndi Febuluwale njala ikafika pachimake sabwera, ndiye akabwerera pakatha masabata umafuna kudziwa kuti anasiyira pati, chifukwa kalasi yapita kutsogolo iye watsala pa tsamba lakale.

Cha kumpoto kwa boma lino, madera a Nkhamenya uko, ana ambiri kunyumba amayankhula Chitumbuka, ndipo mabanja obwera kudzagwira ntchito mminda amachokeranso kwina ndi ziyankhulo zawo. Mwana wotere akhoza kuphatikiza malembo bwinobwino koma mawu ena a Chichewa cha m'buku sakuwadziwa tanthauzo, ameneyo vuto lake si kuwerenga, akufunika mawu. Ukalemba pa tsamba lake kuti kunyumba amayankhula chakuti, mphunzitsi wotsatira sadzamuyesa wogona.

Pokhala naye pafupi mwana umaonanso zina zomwe uli kubolodi sungazione. Mnyamata wina wamkulu kale kuposa anzake, wobwereza, aliyense ankangoti ameneyu ndiye mutu wouma, atabwera pabenchi anatenga buku nkuliyandikiza mpaka kukhudza mphuno, diso limodzi atatsinzina, ndipo anayamba kutchula malembo pang'onopang'ono koma molondola. Chifukwa cha msinkhu ankakhala kumbuyo kwenikweni kumene bolodi saliona nkomwe, zaka zonsezi. Ndinalemba, ndinamusamutsira kutsogolo, ndinaitana agogo ake amene amamusunga kuti apite naye kuchipatala akamuone maso. Ena ndi makutu, mwana akutuluka mafinya mkhutu ndiye iwe ukulimbana naye kuti asiyanitse liwu la p ndi ph. Zoterezi zikalembedwa ndi tsiku lake, ngakhale mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera akabwera mu zoni umakhala ndi chomuonetsa, osati kungoti alipo wina wake amavutika.

Kwa makolo bukuli limathandiza pa nkhani yovuta ija ya kubwereza kalasi. Teremu yachitatu ikamatha kumabwera bambo atakwiya kuti mwana wanga mwamubwereza bwanji, mumadana nane, mwana wa uje mwamukweza chifukwa amakupatsani mtedza. Ukangowaonetsa 1 sakhutira ndipo sindiwadzudzula. Koma ukatsegula tsamba nkuwauza kuti bambo onani, mu Okutobala ankadziwa malembo awa, mu Febuluwale anajomba, pano wafika apa, chatsala ndi ichi, kenako umuitane mwanayo awerenge bambo ake akumva, nkhani imatha mwamtendere. Ena mpaka amafunsa kuti ndiye ife kunyumba tizitani. Amene sadziwa kuwerenga ndimawauza kuti mkulu wake wa Sitandade 6 azimumvetsera madzulo kusanade, inu muzingokhala pompo kuti asathawe. Chifukwa choti makolo adzaliona, komanso anawo amasuzumira, musalembemo mawu ngati mbuli, waulesi, kapena za kwawo zoti bambo ake ndi chidakwa. Lembani za kuwerenga basi, ndipo bukulo lizikhala mchikwama kapena mu ofesi, osati kumata maina a osatha pakhoma kuti aliyense aziwaseka.

Mantha anga ndi amodzi. Akuluakulu akaimva nkhaniyi nkuikonda, mawa tidzangoona fomu yosindikiza ya mabokosi makumi awiri pa mwana aliyense, yofuna kuchonga, kusayinitsa kwa ahedi ndi kutumiza ku zoni pofika Lachisanu. Zikadzatero yafa. Tonse tikudziwa zomwe zimachitika kukamveka kuti mawa kukubwera oyendera, usiku umenewo anthu amaphika marekodi a teremu yonse ndi mabolopeni awiri osiyana mtundu kuti zioneke ngati zinalembedwa masiku osiyana. Buku lomwe ndikunenali ndi lauve, lofufutafufuta, zolemba zopendama chifukwa walembera pabondo uku ukukalipira wina mkati, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Ndiye pempho langa kwa a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale a mu zoni, ndi ena onse oyendera ndi loti mukafika musayang'ane ngati mizere yajambulidwa ndi rula. Tsegulani tsamba lililonse mwakonda, itanani mwana wa dzina limenelo, mpatseni buku awerenge. Ngati tsamba likuti amakakamira pa nkh ndipo mwanayo wakakamiradi pa nkh, kapena wadutsapo chifukwa anathandizidwa, mphunzitsi ameneyo akugwira ntchito ngakhale lesoni pulani yake ili ndi dati. Ngati tsamba likuti amawerenga bwino mwana osadziwa a, mwadziwanso. Mphindi zisanu zokha mwaona zoona za kalasi yonse kuposa kukhala kumbuyo piriyodi yathunthu kuonerera phunziro lomwe ana analikonzekera dzulo.

Ena akuti zonsezi zitha ndi matabuleti a BEFIT, ophunzitsa ana kuwerenga ndi masamu, amene ayamba kufika mmasukulu a pulayimale kuyambira 2023. Matabuletiwo ndi abwino, ana amawakonda ndipo mwana amayenda pa liwiro lake, sindikutsutsa. Koma sanafike paliponse, ndipo kumene afikako mwana amavala zomvera mmakutu nkumadina, pamafunikabe munthu woti amve mwanayo akutulutsa mawu pakamwa pake kuchokera pa pepala, aone chala chikuyenda bwanji, aone kuti watsinzina diso. Mayeso a Sitandade 8 a MANEB akadali a papepala.

Ku Kasungu TTC ndi makoleji ena, ophunzira uphunzitsi akamabwera ku TP, kudzayeserera kuphunzitsa mmasukulu, amafika ndi mafayilo okongola ndi matchati opaka mitundu, koma ambiri amene ndakumana nawo ukawapatsa mwana mmodzi kuti tamumvereni uyu mundiuze vuto lake, amangoti sakutha. Si kulakwa kwawo, ndi luso lofuna kuliyeserera, khutu limachita kuzolowera. Bwanji aliyense wa pa TP azipatsidwa ana khumi oti aziwamvetsera ndi kuwalembera mpaka atachoka, masambawo nkusiyira mwini kalasi? Ma CPD athu, maphunziro owonjezera luso amene timachitira ku TDC, likulu la zoni, nawonso, mmalo momangowerengerana zomwe zili kale m'buku la mphunzitsi, tsiku lina aliyense abwere ndi hadikava yake tifanizire, uyu wa b ndi d munamuthandiza bwanji inu, ine ndayesa zakuti zakanika.

Za ndalama musadandaule nazo, si pulojekiti yofuna ma donor iyi. Hadikava imodzi kapena ziwiri pa kalasi zikwana, ndipo a komiti ya sukulu akhoza kuziika pa ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, limodzi ndi choko ndi marejisita. Masamba muwagawe motsatira rejisita kuti musamavutike kufufuza dzina, kumapeto musiye ena a obwera pakati pa chaka chifukwa kuno sangalephere. Ahedi ntchito yawo ikhale imodzi, sukulu ikamatsegulira mu Seputembala aonetsetse kuti wa Sitandade 1 wapereka buku lake mmanja mwa wa Sitandade 2, wa 2 kwa wa 3, wa 3 kwa wa 4, ndipo mphunzitsi akalandira posting kupita kwina kapena akapita ku tchuthi cha uchembere bukulo litsale pasukulu, asanyamule pamodzi ndi mapoto. Ndipo kholo likabwera kudzatenga transifa, asanadinde chidindo atumize mwana kukaitana mphunzitsi wa kalasi abwere ndi tsamba lija.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Sitandade 2,
Kasungu.